Biriyani ya pa Ubatizo wa Tamiwe

Mayi Zelipa Mbewe anatsika minibasi ya ku Kasenengwa Lachitatu masana, atasenza thumba la mtedza wosenda. Anabwera ku Chipata ku ubatizo wa mdzukulu wawo Tamiwe, mwana woyamba wa mwana wawo Enoch. Pofika Loweruka anali atazungulira maiko atatu osadzuka pampando.

Lachitatu mpongozi wawo Cynthia anaphika sipageti ya ku Italy, imene inagwirana m'poto mpaka anachita kuicheka ndi mpeni. Lachinayi kunabwera pitsa ya ku America, chimkate chosafufuma, cholimba ngati chikopa cha ng'ombe chouma. Lachisanu unali mpunga wokazinga wa ku China, ndipo aliyense anapatsidwa timitengo tiwiri todyera. Mayi Zelipa anatitembenuza timitengoto, natiika pambali mwaulemu. Kwawo totere amakolezera moto.

Koma chimene chinkawanyansa kwenikweni chinali china. Mbale ikafika patebulo, munthu asanatsinzine kuti apemphere, Cynthia ankayamba waijambula uku ndi uku kuti anzake a ku ofesi aone. Foni patsogolo, Ambuye pambuyo. Mayi Zelipa ankakumbukira anthu aja amene ankang'ung'udza m'chipululu chakudya chikuwagwera kuchokera kumwamba, ndi zimene zinawaonekera. Tsono ankameza, nathokoza.

Loweruka masana Enoch anawaitanira kuseri kwa nyumba, kumene ankatsuka galimoto.

"Amayi, mawa apongozi anga akubwera kuchokera ku Madzimoyo. Mukuwadziwa mmene alili. A Kamanga akhala ahedi a sukulu zaka makumi atatu. Amayi aja ndi mwana wa abusa."

"Ndiye?"

"Nkhani ya ku masitolo a amwenye ku Down Shops ija." Enoch anafinya nsanza imene inali yofinya kale. "Ine ndinawauza kuti munkagulitsa nsalu pa kauntala. Cynthia nayenso amadziwa choncho."

Mayi Zelipa anagwira ntchito zaka makumi awiri ndi ziwiri m'khitchini mwa banja lina la amwenye, kuseri kwa sitolo ya nsalu. Analowamo atangoika amuna awo m'manda, Enoch asanayambe sukulu. Mayi wamkulu wa m'nyumbamo anawaphunzitsa kuphika ndi chala ndi mphuno, pakuti chinenero sankamvana. Pa kauntala ankafikapo pokolopa pokha.

"Iwe Enoch, ukufuna ndiname tsiku la ubatizo?"

"Sindinati muname, Amayi. Mungokhala chete."

Anamuyang'ana mwana wawo, mwamuna wa ndevu zake, wa ofesi yake, ali ngati mwanapiye wanyowa.

"Pakamwa ndi panga," anatero. "Nditseka."

Madzulo ake Cynthia analengeza kuti mawa kuli biriyani.

"Ndi chakudya cha ku India, Amayi. Mpunga ndi nkhuku pamodzi. Mwina chikuvutani poyamba. Ngati mukuopa tsabola, ndikuwiritsirani mbatata."

"Zikomo, amake Tamiwe," anayankha Mayi Zelipa, maso ali pansi. "Tiyesa."

Lamulungu m'mawa zonse zinayenda bwino. Tamiwe analira madzi atamukhudza pamutu, mpingo unaimba mpaka malata kunjenjemera, ndipo Mayi Zelipa anapukuta misozi ndi nsonga ya duku. Koma atabwerera kunyumba dzuwa lili paliwombo, anapeza magetsi atazima. Sitovu ya Cynthia, ya mbale zinayi ndi uvuni wa galasi, inangoti zii ngati fano.

Alendo anakhala pabalaza. A Stanley Kamanga anali munthu wamtali, woseka msanga. Akazi awo, Mayi Lettie, anakhala kumapeto kwa mpando, chikwama chili pamiyendo.

"Asewere, kumudzi kuli bwanji?" anafunsa Mayi Lettie, maso ali pa zidendene zong'aluka za Mayi Zelipa. "Mwazolowera kudya ndi foloko? Mwana wathuyu amakonda za kunja. Tinamulera choncho."

"Tikuphunzira, asewere."

Patapita ola, fungo la kupserera linalowa pawindo. Mayi Zelipa anatuluka mwakachetechete.

Cynthia anali atagwada pa mbaula, akadali mu nsapato zake za gogoda. Anali atathira makala odzaza ngati akuwotcha njerwa. Foni anaitsamiritsa pa ndowa, ndipo m'menemo bambo wina wovala magolovesi ankalankhula mofulumira. M'poto munali mpunga, nkhuku ndi madzi ambiri, ndipo Cynthia ankavundula zonsezo ndi mthiko, mwamphamvu, ngati phala la odwala. Pansi zinali zitapserera, pamwamba zili zaziwisi.

Mayi Zelipa anaima chilili. Ha, India yafika pa Chipata lero! Akanatha kubwerera pabalaza, kupinda manja, n'kudikira kuti Mayi Lettie adye za kunja zimene analera. Mtima wina unkafuna zimenezo ndithu, Mulungu awakhululukire. Ndiponso ankadziwa kuti akangogwira potoyo, manja adzaulula zimene pakamwa patseka.

Kenaka Cynthia anadzutsa mutu. Misozi inali itasakanikirana ndi utsi, bulauzi itanyowa ndi mkaka pachifuwa, ndipo m'nyumba mwana anali atayamba kulira.

"Amayi, ndiwapatsa chiyani anthuwa?"

Mayi Zelipa anamanga chitenje pamwamba pa diresi la ku tchalitchi.

"Ikani pansi mthikowo. Biriyani savundula."

"Koma bambo wa pa foniyu akuti…"

"Adya nafe bambo ameneyo? Muzimitseni. Mpunga watsala?"

"Theka."

"Nkhuku?"

"Ina ili m'beseni."

"Mkaka wowawasa, anyezi, fulawa pang'ono. Ndipo vulani nsapatozo musanagwere pamoto."

Anaphula poto wopsererayo, nachepetsa makala. Mpunga anautsuka katatu nauviika. Timabotolo ta zokometsera timene Cynthia anatindandalika sanawerenge zolembedwapo. Ankatsegula, kununkhiza, ena kuika kumanja, ena kukankhira kutali. Nkhuku anaipaka mkaka wowawasa, adyo, mchere ndi zokometserazo. Anyezi anamudula mopyapyala kwambiri, mpeni ukuthamanga wokha, namukazinga pang'onopang'ono mpaka anafiira. Mpunga anauwiritsa pang'ono, natenga kambewu kamodzi, nakafinya pakati pa zala.

"Mukuona? Kunja kwapsa, m'kati kakadali ndi mtima. Apa ndiye pophulira."

Anayala nkhuku pansi pa poto, mpunga pamwamba, anyezi pamwamba pake. Anakanda fulawa namata m'mphepete mwa chivundikiro kuti mpweya usathawe. Pansi anasiya makala ochepa, ena anawaola ndi chitsulo nawaika pamwamba pa chivundikirocho.

Cynthia anali atangoti kukamwa yasa.

"Amayi, zimenezi…"

"Osatsegula. Kayamwitseni mwana."

Anadya dzuwa litapendeka. Pamene Mayi Zelipa anaswa fulawa wouma uja n'kuvundukula, fungo linadzaza nyumba yonse, ndipo a Kamanga, amene amadziwika ndi mapemphero aatali, tsiku limenelo anafika pa Amen msanga. Mpunga unali woyoyoka, kambewu kalikonse payekha. Enoch ataulawa sanadzutsenso mutu. Anakuzindikira kukomako.

"Cynthia mwana wanga," anatero a Kamanga, "foni yako lero yatembenuka mtima! Pitsa ija ya pa Khirisimasi inandichotsa dzino."

Cynthia anaseka mwamanyazi. "Si ine, Adadi. Yanga inapserera. Aphika ndi Amayi."

Foloko ya Mayi Lettie inaima m'malere.

"Asewere? Ku Kasenengwa mumadya zimenezi? Munaziphunzira kuti?"

Mayi Zelipa anali atalonjeza kutseka pakamwa. Anatsekadi, nayang'ana mwana wawo.

"Paja Amayi ankagulitsa nsalu kwa amwenye," anafulumira Enoch. "Ndiye nthawi zina, pa kauntala paja, ankamva akazi a bwana akukambirana za kaphikidwe…"

"Kumva chabe?" anadabwa a Kamanga. "Ine ndamva maulaliki zaka makumi asanu ndi limodzi, koma sindinakhale mbusa."

Enoch anatsegula pakamwa kuti awonjezere bodza lina pamwamba pa loyambalo. Mayi Zelipa anaona kuti akamusiya amanga nyumba yonse pa mchenga, mwana wake atangobatizidwa m'mawa womwewo. Kukhala chete kunali kutasanduka kunama.

"Sindinagulitsepo nsalu ine, asewere," anatero mosakweza mawu. "Ndinali wantchito wa m'nyumba. Ndinkaphika, kuchapa ndi kukolopa. Zaka makumi awiri ndi ziwiri."

Cynthia anatembenukira kwa mwamuna wake. Mayi Lettie anapukuta milomo ndi kansalu, pang'onopang'ono.

"Oo," anatero. "Wantchito. N'chifukwa chake. Ayi, ntchito ndi ntchito, asewere, tisachite manyazi. Nafenso tinali naye mtsikana wotere, wa cha kwanu komweko. Ankaphika bwino ndithu. Kungoti manja anali aatali."

"Lettie," anatero a Kamanga motsitsa.

Mawu otere Mayi Zelipa anawamva kambirimbiri, ndipo sanawathyolepo fupa. Chimene chinkawawawa chinali mutu wa Enoch, woweramira m'mbale. Anayamba kusonkhanitsa mafupa m'mbale yawo kuti apite nayo kukhitchini, kumene anazolowera kudyera.

Mpando wa Enoch unalira pa simenti. Anaimirira, manja ali pambuyo ngati mwana wa sukulu. Mkamwini sayankha apongozi ake aakazi pamaso pa anthu, koma iye anatembenukira kwa Mayi Lettie.

"Amayi, mundikhululukire, koma manja a amayi angawa sanatengepo kanthu ka munthu. Wabodza ndine. Za kauntala ndinapeka ndine, chifukwa ndinkachita manyazi. Ndikaweruka ku sukulu ndinkawadikira pa geti la kuseri. Ankandibweretsera zotsala za m'poto, iwo n'kugona ndi tiyi. Chakudya ichi ndakulira chimenechi."

Anazungulira tebulo, nagwada pafupi ndi mpando wa mayi ake, thalauzi la suti lili pa simenti.

"Amayi, ndinalakwa."

Mayi Lettie anayang'ana kudenga. A Kamanga anatsokomola, natambasula dzanja kukatenga chipande, nadziwonjezera mpunga. Diso limene Cynthia anamuponyera mwamuna wake linkanena kuti mlandu wake ukadalipo, udzazengedwa alendo akapita.

Mayi Zelipa anamuyang'ana mwana wawo pamutu, pamene tsitsi linali litayamba kuchepa ngati la malemu bambo ake. Ukali umene anausunga kuyambira dzulo anaufunafuna, koma sanaupeze wonse. Anabweza mbale yawo patebulo.

"Dzuka, iwe, ukudetsa suti," anatero. "Wagwadira ine ngati ndine guwa? Kagwadire Mwini wake. Ndipo ukamaliza kudya, poto wopserera uja ali panja. Ukatsuke ndiwe."