Wogwira Makina Ndiye Ayankhule

Adalaivala analowa mu shopu yometera nthawi ili 9 koloko m'mawa. Dzina la udalaivala linangowakanirira, chifukwa chiwongolero anali atachisiya miyezi isanu ndi itatu yapitayo, kampani yawo itachepetsa antchito. Tsiku limeneli anawaitana ku intaviyu pa fakitale ya sopo, 11 koloko, ndipo akazi awo ananenetsa kuti munthu sakapempha ntchito ndi tsitsi ngati chisa cha mbalame.

Kumeta mutu ndi mphindi khumi ndi zisanu, ndipo iwo anawerengera bwino. Chimene sanawerengere n'chakuti linali Lolemba, ndipo dzulo lake timu yawo ya mpira inali itagonjanso, kachisanu motsatizana.

Shopuyo inali ndi mpando umodzi wozungulira, galasi long'aluka pakona, mabenchi awiri ndi wotchi yapakhoma. Wometa ankamutchula kuti Chikwakwa, chifukwa dzanja lake silinkadziwa kusiya tsitsi. Pamabenchi panali amuna asanu ndi anayi, koma panalibe ndi mmodzi yemwe amene anabwera kudzameta. Anabwera kudzaweruza kochi.

Tsono mu shopuyi munali lamulo. Chaka chatha mkangano wa mpira unafika poponyerana nsapato, n'chifukwa chake galasi linang'aluka. Chikwakwa anagamula kuti woyankhula za timu azigwira makina ometera m'manja, wopanda makina azitseka pakamwa, ndipo wogwira makina asamadulidwe mawu. Lamulo labwino zedi, loti mabanja ambiri likanawapulumutsa. Vuto lake linali limodzi basi: makinawo analipo amodzi.

Chikwakwa anawakulunga nsalu m'khosi Adalaivala, nayatsa makina, n'kulambula msewu kuchokera pakhutu lamanzere mpaka pakati pa mutu. Pomwepo Abutchala, mmodzi wa apamabenchi aja, anakweza dzanja. Chikwakwa anazimitsa makina, kuwauzira tsitsi, n'kuwapereka mwaulemu wonse.

"Kochi ameneyu achoke," anatero Abutchala. "Ine nyama ndimaidziwa, ndimaigwira tsiku ndi tsiku. Anyamata aja alibe ntchafu. Wa nambala naini uja nditamuika pa sikelo, kasitomala akhoza kubweza. Ndiye kochi wake kungoima, manja m'thumba. Zigoli zitatu, manja m'thumba. Muli chiyani m'thumbamo?"

Atelala analandira makina. Anali munthu woyankhula pang'onopang'ono, ngati akulowetsa ulusi pa singano.

"Manja amakhala m'thumba chifukwa cha jekete. Jekete ija inasokedwa molakwika m'khwapa, munthu sangakweze mkono. Akafuna kuloza kutsogolo, mkono umathera panjira n'kuloza pansi. Anyamata amamvera, n'chifukwa chake amangogwa. Chotsani telala, kochi musiyeni."

"Akuluakulu, pepani, mutu wangawu..." anayesa Adalaivala.

Maso onse anawatembenukira ngati atsokomola m'tchalitchi.

"Mulibe makina, achimwene," anatero Chikwakwa monong'ona.

"Sindikunena za mpira ine. Ndili ndi intaviyu."

"Lolemba chilichonse ndi za mpira. Dekhani, atsala anthu anayi okha."

Mmodzi mwa anayiwo anali Alonda, amene masewerowo sanaonere n'komwe chifukwa anali mtulo. Ananena kuti zimenezo n'zimene zikuwathandiza kuona nkhaniyi mosakondera. Malinga ndi iwo, goloboyi ndi mlonda, ndipo mlonda wanzeru saima pakati pa geti poonekera. Kochi amuuze azibisala kuseri kwa pholo, adani aziganiza kuti palibe munthu, kenako n'kuwadzidzimutsa. Anthu atatu anagwedeza mutu movomereza, amuna akuluakulu a ndevu zawo.

Makina anabwerera kwa mwini wake nthawi itapitirira 10 koloko. Adalaivala anapumira m'mwamba. Chikwakwa anameta kawiri, kenako anakumbukira kuti makina ali m'manja mwake, choncho nayenso ali ndi ufulu woyankhula.

"Vuto ndi kaimidwe ka osewera. Bwerani muone."

Amuna onse anadzuka n'kuzungulira mpando. Chikwakwa anaweramitsa mutu wa Adalaivala, nadula mzere pakati kuti ukhale pakati pa bwalo. Kumbuyo, cha kunkhongo, anaboola timadontho tinayi.

"Otchinga kumbuyo ndi awa. Taonani mpata uli apawu. Lole ikhoza kudutsa."

Abutchala anapempha makina. Anati wotchinga wakumanja anaima pafupi kwambiri ndi khutu, choncho anamusunthira m'kati. Popeza dontho lakale silikanafufutika, timu inakhala ndi otchinga kumbuyo asanu. Atelala anawonjezera kochi pamwamba pa khutu, kunja kwa mzere. Adalaivala ankangomva makina akuzizira apa, kuzizira apo, akuyang'ana tsitsi lawo likugwera pansalu. Anapsa mtima, koma anali munthu woleredwa bwino, ndipo kuleredwa bwino kwapweteketsa anthu ambiri.

Wotchi inati 10:25. Kufakitale unali ulendo wa mphindi makumi awiri. Apa m'pamene anaganiza nzeru: apemphe makina ngati woyankhula, anene mawu awiri atatu a mpira, uku akudzimeta yekha mpala, n'kuthamanga. Anatulutsa dzanja pansi pa nsalu n'kulikweza.

Chikwakwa anawapatsa makina, anthu n'kubwerera pamabenchi.

"Kochi asachoke," anatero Adalaivala, chala chili pa batani.

Anangonena kuti anene kanthu. Koma anthu ankadikira chifukwa chake, ndipo chifukwacho chinatuluka chokha.

"Inu mukuti achoke, achoke. Mukudziwa kumene munthu amapita akachoka? Amapita kunyumba. Amadzukabe 5 koloko, chifukwa thupi silinalandire kalata. Amasamba, kuvala, kenako n'kukhala pakhonde. Amasesa pabwalo posesa kale. Foni imene inkalira mpaka kutopetsa imangokhala chete, mpaka umaiyang'ana ngati yafa. Alamu ako amakupatsa moni ndi mawu aja opatsira wodwala. Ukayamba kuyankhula patebulo, mwana wako yemwe amakudula n'kupempha mchere."

Anakweza maso. Nkhope zisanu ndi zinayi zinali pa iwo, kuphatikizapo ya Alonda, amene anali maso ndithu. Kwa miyezi isanu ndi itatu panalibe munthu amene anawalola kumaliza chiganizo. Anamva kukoma kumene anali atakuiwala, kukoma kochititsa manyazi, ndipo sanafune kuti kuthe. Wotchi anaiona, inati 10:35. Mumtima anati angowonjezera kamfundo kamodzi.

Kamfundoko kanali ka lole. Anafotokoza kuti timu ili pachitunda, ndipo dalaivala sasinthidwa pachitunda, chifukwa wotsika akachotsa phazi pa buleki, wokwera asanakhale n'komwe, katundu yense ali m'munsi. Anafotokoza za magiya, mmene injini imalirira ikafuna giya yotsika, mmene munthu amaimvera kumsana asanaimve ndi khutu. Ananena za tsiku limene anatsitsa matumba mazana atatu a simenti pamsewu woterera, mabuleki atatha, osaphwanya ndi thumba limodzi, abwana n'kungoti wachedwa. Nkhani imeneyi anali asanauzepo munthu. Atelala ankagwedeza mutu. Wina anakweza dzanja, anzake n'kumutsitsa.

Makina anali m'manja mwawo nthawi yonseyo, osayatsa. Ankawagwiritsa ntchito posonyeza kasinthidwe ka magiya.

Pamene ankamaliza, wotchi inati 11:15.

Abutchala anapukuta m'maso ndi apuloni, napempha makina.

"Achokebe," anatero. "Koma amulole atsanzike."

Chikwakwa anawameta Adalaivala mosamala kuposa mmene anametera munthu aliyense chaka chimenecho. Anafufuta otchinga kumbuyo asanu aja mmodzimmodzi, nawongola m'mbali, nawapaka mafuta onunkhira amene ankasungira akwati. Anthu anawagwira chanza potuluka, n'kuwapempha kuti asadzalephere Lolemba linalo.

Anafika pafakitale 12 koloko itatsala pang'ono. Wapageti anayang'ana papepala, n'kuwayang'ana iwo.

"Dzina lanu anaitana katatu, bambo. Atenga kale wina, akumuonetsa galimoto kuseriku."

Anabwerera wapansi, mutu ukuwala padzuwa. Akazi awo anawaonera patali n'kusiya zochapa, manja ali thovu lokhalokha.

"Koma ndiye mwatchena. Zayenda bwanji, bambo a ana?"

"Ndayankhula, mayi. Ndayankhula zonse."

"Anakumvetserani?"

"Onse. Mmodzi mpaka analira."

Mayiwo anaomba m'manja, thovu n'kuuluka, nathamangira kumpanda kukauza aneba kuti bambo ayamba ntchito posachedwa. Adalaivala anakhala pakhonde n'kuyamba kumasula zingwe za nsapato. Ankadziwa kuti ayenera kuwaitana tsopano lino, nkhani isanadumphe mpanda wachiwiri. Koma kumpandako akazi awo ankaseka mokweza, kuseka kumene panyumbapo sikunamveke chichokereni ntchito, ndipo Adalaivala anangopitiriza kumasula zingwe zija.