Mlamu Anatsuka Hadi Disiki

Wojambula zithunzi anadina batani, koma kompyuta inangolira kuti tii, tii, tii, sikirini ili bii. Anadinanso, zomwezo. Thukuta linayamba kuchucha ngakhale fani ya mu situdiyomo inkazungulira.

M'mawa womwewo anali atagula ramu yatsopano, kachipangizo kothandiza kompyuta kuthamanga, n'kuikamo yekha. Tsono m'kompyutamo munali zithunzi za ukwati wina, ndipo sanazisunge kwina kulikonse, pomwe pa kadi ya m'kamera anali atazifafaniza kale n'kujambulirapo zina. Bambo a mkwatibwi anamwalira mwadzidzidzi ukwatiwo utangodutsa. Alendo ankangolozetsa mafoni awo kwa akwati, moti amene anawajambula bwino mkuluyo anali wojambulayo yekha. Mkwatibwiyo anali ataimba foni kuti abwera madzulo kudzatenga chithunzi cha bambo ake.

Wojambulayo ali manja m'khosi choncho, anatulukira mlamu wake, amene anthu ankangomutchula kuti Injiniya. Chilichonse chokhala ndi waya ankati amachidziwa, koma eni mawailesi amene anawatsegula akulirabe mpaka lero.

"Zachepa izi, alamu," anatero Injiniya. "Ameneyu ndi vayilasi. Tichotse hadi disiki, mosungira zinthu muja, ndikaitsuke pa kompyuta yanga."

"Komatu zayamba nditangoika ramu. Bwanji ndiichotse kaye?"

"Chinthu chatsopano n'kudwalitsa kompyuta? Inu zijambulani anthu, za mawaya tisiyireni."

"Nanga zithunzi za eni ake?"

"Kodi kuchapa malaya kumathothola mabatani?"

Mtima wa wojambulayo unkakana ndithu. Koma kutsutsa mchimwene wa mkazi wako si nkhani yamasewera, mlandu umakafika kunyumba iwe usanafike. Anangomupatsa.

Masana Injiniya anabwera akuimba likhweru, n'kubwezeramo hadi disiki ija. Anadina batani. Tii, tii, tii! Anakanda m'mutu, kenako anakumbukira mwadzidzidzi kuti pali munthu akumudikira kudepoti.

Apa m'pamene wojambula anasenza kompyutayo kupita nayo kwa mayi wina wophunzitsa makompyuta pasukulu ya ntchito zamanja, kutsidya kwa msewu. Mayiyo anazula chingwe cha magetsi, anatsegula, n'kusuzumira.

"Bambo, ramu yanuyi ilibe vuto, kungoti mbali imodzi sinalowe. Kulira kuja imakuuzani zimenezo." Anaikanikiza mpaka inamveka kuti kwa! Atadina batani, sikirini inawala, koma inangoonetsa mawu ochepa n'kuima. Mphunzitsiyo anachita tsinya. "Kodi hadi disikiyi wina anaigwira?"

"Alamu anga anakaitsuka."

"Mayo ine! Anaifomata, kufafaniza zonse?"

Mayiyo anailumikiza ku kompyuta yake. Munalibe chithunzi ngakhale chimodzi. Munangodzaza mafilimu a karate, amene Injiniya anathiramo poyesa ngati ikugwira ntchito. Mphunzitsi anafufuza ndi mapulogalamu ake onse mpaka dzuwa linapendeka, koma ayi ndithu.

"Akanangofafaniza n'kusiya, tikanabwezako zina," anatero. "Koma walemba zake pamwamba mpaka kudzaza. Pepani bambo, madzi akatayika saoleka. Chinthu chikasiya kugwira ntchito, muziyamba mwabweza chimene mwangosintha kumene. Zithunzi zanu zinali bwinobwino nthawi yonse ija."

Mawu omalizawo ndi amene anamupweteka kwambiri. Anawoloka msewu, ndipo anapeza mkwatibwi uja atakhala pabenchi la pakhomo pa situdiyo, atafungatira felemu yatsopano yopanda chithunzi.

"Achimwene, ndafika. Amayi akuti tipachike pabalaza chija bambo akundigwira dzanja."

Wojambula anatula kompyuta pansi n'kufotokoza zonse, maso ali pansi. Mtsikanayo sanakalipe, bola akanakalipa.

"Ngakhale chimodzi chokha, achimwene? Ngakhale chosaoneka bwino, ine nditenga."

Iye anapukusa mutu. Mtsikanayo anaimirira pang'onopang'ono, anasiya felemu ija pabenchi, n'kumapita.

Phunziro: Kompyuta ikakana kuyaka mutangoikamo chinthu chatsopano, zimitsani, zulani chingwe, ndipo onani kaye chinthu chomwecho. Musalole munthu kufafaniza hadi disiki chifukwa choopa kumukhumudwitsa, ngakhale akhale m'bale. Ndipo zimene simungazipezenso, makamaka za eni ake, zisungeni pawiri musanatsegule kompyuta.