Wailesi ya m'Pijo ya Bambo

Galimoto ya Pijo ya malemu bambo anga ndinaisiya kwa mlamu wanga Idrisa, makanika wa mathirakitala pa famu ya fodya kuno ku Mvurwi, kumpoto kwa Harare, kuti angokonza mabuleki. Lachisanu nditachoka ku mzikiti ndinapita kukaitenga, ndipo ndinaimva ndili patali ikugunda nyimbo za sungura. Anali atazula wailesi yakale n'kuikamo ya makaseti, zitseko ataziboola kuti masipika alowe.

"Tamvani kugunda kwake, alamu," anatero akumwetulira.

"Nanga ku Malawi igwira?"

Anapotokola kabatani uku ndi uku. Wailesi yatsopanoyo inkangogwira za ku Harare.

Mtima wanga unawira. Lamulungu lililonse mayi anga ankakhala m'galimotoyo, chitseko chili chotsegula, kumvera mauthenga a maliro ochokera kwawo pa wailesi yakale ija. Imfa ya mchemwali wawo wa ku Mangochi anaimvera momwemo.

"Anakutumani ndani? Mwaboola zitseko za bambo, mwatseka mayi makutu, kuti anthu azikucheukirani pamsewu?"

Mawu ena ndinawameza, poti ndinali nditangochoka kopemphera. Ndinazimitsa chiphokosocho n'kuchoka osatsanzika.

Lamulungu m'mawa ndinapeza mayi ali pakhonde. Wailesi yakale inali pampando, yolumikizidwa ku batire la thirakitala, waya wake wautali atakolekedwa mumtengo wa mango. Idrisa, amene anailumikiza, anali atabwerera kale kwawo.

Ndinafuna kulankhula, koma mayi anakweza dzanja, chifukwa woulutsa anali atayamba kutchula maina. Ndinakhala pansi pambali pawo. Za zitseko zija sindinamukhululukirebe.