Dzimbiri la Kunsi kwa Mlatho

Anthu ankawatchula kuti a Nyundo chifukwa cha kanyundo kamene sikankachoka m'thumba la jekete lawo. Ntchito yawo inali yoyendera milatho ya mumzinda, kuona ngati zitsulo zayamba kudyeka ndi dzimbiri. Akafika pamlatho ankatulutsa kanyundo kaja, n'kugogoda chitsulo cha m'mbali, n'kupendeketsa mutu ngati dokotala womvetsera chifuwa cha mwana. Odutsa ankawapatukira. Kunena zoona ankaoneka bwino akamagogoda, ndipo iwo eni ake ankazidziwa zimenezo.

Chimene odutsawo sankadziwa n'chakuti pa zaka khumi ndi chimodzi za ntchitoyi, a Nyundo anali asanatsikepo kunsi kwa mlatho ngakhale umodzi. Ankaopa. Akangosuzumira pansi chizungulire chinkawagwira, thukuta lili kamukamu. Tsono dzimbiri silikonda pamwamba pamene dzuwa limaumitsa msanga. Limakonda kunsi, m'makona modikha madzi ndi mounjikana zitosi za nkhunda. N'chifukwa chake lamulo linkanena mosapita m'mbali kuti kamodzi pachaka woyendera atsike m'kabasiketi kachitsulo kolendewera pazingwe, aone ndi maso ake, ayeze kukhuthala kwa penti, kenako asaine fomu.

Kusainako ankasaina okha, ndi siginecha yaikulu yopotanapotana. Kutsikako ankatsika mlamu wawo, mlongo wake wamng'ono wa mkazi wawo, amene anali ndi kakampani kopala ndi kupenta milatho. Iyeyu anali munthu wowonda, wosalankhulalankhula, wa zikhadabo zosatha penti. Akatuluka kunsiko ankanena zimene waona, a Nyundo n'kulemba atatsamira galimoto. Nkhani ya manthayo awiriwa sanaikambepo. Tsiku loyamba a Nyundo anati bondo likuwavuta, mlamuyo anangoti, "Pepani alamu, khalani ine nditsike." Bondolo linavuta zaka khumi ndi chimodzi, koma tsiku lotsika lokhalokha.

Kwa zaka zisanu ndi ziwiri zinthu zinayenda, pakuti mlamuyo sankanama. Vuto linayamba pamlatho wa pakati pa mzinda, umene kunsi kwake kunkadutsa paipi yaikulu yopereka madzi kutsidya. Paipiyo inkagona pa zitsulo zoigwira zomangidwa ndi mabawuti. Tsiku lina mlamuyo anatuluka m'kabasiketi nkhope ili yosasangalala.

"Alamu, zogwira paipi zitatu za pakati zadyeka. Ndikapala zikumayoyoka. Pamenepo penti sithandizapo kanthu, pafunika kusintha zitsulo."

A Nyundo anayang'ana fomu. Panali mabokosi awiri, lina lolemba kuti pali bwino, lina loti pawonongeka. Pansi pa bokosi lachiwirilo panali timawu ting'onoting'ono: woyendera akalemba kuti pawonongeka, atsike ndi injiniya wamkulu, akamulozere malowo ndi chala chake. Amene analemba lamuloli anali ndi nzeru ndithu, ankafuna kuti malo oipa asamangothera papepala. Sanaganize za munthu woti chala chake chimanjenjemera akangoyandikira m'mphepete.

"Pakapo kaye penti," a Nyundo anatero. "Tiona chaka chamawa."

Anachonga bokosi loyamba. Chaka chamawacho chinafika, mlamuyo ananenanso, iwo anayankha chimodzimodzi. Zinatero zaka zinayi. Chaka chilichonse akachonga ankakhala masiku atatu chakudya chisakulowa, kenako ankaiwala, monga timachitira tonsefe.

Zitsulo sizinaiwale. M'mawa wina ziwiri zinathyoka, paipi inawerama, pamfundo panaphulika, ndipo madzi a theka la mzinda anayamba kuthira mumtsinje anthu akuonerera. Palibe anavulala. Koma mipopi ya kutsidya inauma masiku asanu ndi limodzi, ndipo kutsidyako n'kumene a Nyundo ankakhala. Pochoka kuntchito ankapeza mzera wa zidebe ndi zigubu utazungulira ngodya ya msewu, kudikira galimoto ya madzi. Ankadutsa atazyolika, anthu akuwapatsa moni waulemu, ena n'kumawapepesa kuti ntchito yawachulukira.

Tsiku lachitatu anapeza mkazi wawo atakhala pakhonde akusisita phewa, zidebe ziwiri zili pambali.

"Ndamva kuti kuntchito kwanu akuloza mlongo wanga," mkaziyo anatero. "Akuti anapaka penti pamwamba pa dzimbiri osanena. Koma bambo, inu si mumatsika komweko chaka chilichonse? Simunaone kanthu?"

"Penti imabisa zambiri, mayi," iwo anayankha.

Mawuwo anatuluka mosavuta, ndipo kusavutako n'kumene kunawachititsa manyazi kwambiri. Mawa lake anawabwerezanso ku ofesi, pamaso pa a injiniya, mayi wa magalasi amene anali atangofika chaka chomwecho ndipo sankaseka pa nkhani za ntchito. Patebulo panali mafomu anayi, onse oti pali bwino, onse okhala ndi siginecha yopotanapotana ija. Pambali pake panali kalata yolanda mlamuyo laisensi yogwira ntchito pamilatho. Inkangodikira kusainidwa.

A injiniya anaitanitsa wopentayo. Analowa chipewa chili m'manja, n'kukhala kunsonga kwa mpando.

"Bambo, munaona kuti zitsulozo zadyeka?"

"Ndinaona, mayi."

"Munauza woyendera?"

Mlamuyo sanawayang'ane a Nyundo n'komwe. Anayang'ana zikhadabo zake.

"Zimene zili pafomupo ndi zomwezo, mayi."

Munthu wanzeru akanalankhula pomwepo. A Nyundo anatsegula pakamwa, n'kutsokomola, n'kupempha madzi akumwa, mu ofesi momwe madzi munalibe.

A injiniya anati sasaina kalata yolanda munthu ntchito asanaone okha zitsulo zotsalazo. Choncho Lachisanu m'mawa onse anakumana pamlatho. Kabasiketi kanali kale m'mphepete, anthu awiri a kampani ya mlamuyo atagwira chopukusira zingwe. Kankanyamula anthu awiri basi.

"A Nyundo, tsogolani ndi wopentayo," a injiniya anatero. "Inu mukukudziwa bwino kunsiko. Mukaone poyambira, ine nditsika ulendo wachiwiri."

Bondo akanalitchula, koma mayiyo anali atawaona akukwera masitepe a ku ofesi awiriawiri. Anatenga lamba wotetezera m'galimoto. Anali watsopano, mapindo a m'sitolo akuonekabe. Anamutembenuza uku ndi uku, osadziwa kolowetsa mwendo. Mlamuyo anafika msangamsanga n'kuima pakati pa iwo ndi a injiniya.

"Alamu mwanenepa," anatero mokweza, akuwamanga zingwe za pachifuwa. "Mlongo wanga akukudyetsani mopitirira. Lambayu wakukanani."

Opukusa zingwe aja anaseka. A Nyundo anayesa kuseka nawo.

Za kutsikako sanaone chilichonse, chifukwa anatsinzina. Anamva kabasiketi kakugwedezeka, phokoso la magalimoto likusanduka mdidi wa pamwamba pa mutu, kamphepo kozizira konunkha chinyezi ndi zitosi. Manja onse awiri anakakamira chitsulo cha kabasiketi mpaka zala kuchita dzanzi. Dzanja la mlamu wawo linali litawagwira lamba kumsana.

"Tafika. Musayang'ane pansi, yang'anani kutsogolo kokha."

Anatsegula maso. Pamaso pawo panali zinthu zimene anazisainira zaka khumi ndi chimodzi. Penti inali itatupa matuza, ndipo pamene matuzawo anaphulika chitsulo chinali chofiirira, chogawikana timapepala. Bawuti ina inali itatha mutu. Anaikhudza ndi chigongono mwangozi, zinyenyeswa zinayoyokera pansapato zawo. Paipi yonse ija, madzi a anthu onse aja, zinkagona pa zimenezi.

Mlamuyo anakoka kabasiketi pang'ono kuti kalowe kuseri kwa paipi. Kumeneko, pachitsulo chachikulu cha mlatho, pamwamba pa chogwira paipi chimene chinatsala, panali mzere wozungulira wa penti yofiira. Pambali pake panalembedwa madeti anayi, lina pansi pa linzake, ndi zilembo zopendama za bulashi. Pamalo a zitsulo ziwiri zothyoka zija panalinso chimodzimodzi.

"Izi n'chiyani?" a Nyundo anafunsa, ngakhale anali atadziwa kale.

"Ndi mmene timachitira opentafe. Malo oipa ukawanena kwa woyendera, umazunguliza n'kulemba tsiku limene wanena, kuti wobwera pambuyo pako adziwe kuti zinanenedwa. Ndinkangolemba mwachizolowezi, alamu. Sindinkakutcherani msampha."

Anapisa m'thumba la ovololo n'kutulutsa kansanza ndi kabotolo ka mafuta ochotsera penti.

"Ndi mphindi ziwiri zokha. Mayiwo akamatsika apeza poyera."

"Ukafufuta, laisensi yako yapita."

"Ipite. Ine ndikapenta nyumba za anthu, mageti, chilichonse. Manja ndili nawo. Nanga inu akakuchotsani, ndi msinkhu wanuwo akulembani ndani? Mlongo wanga ndimuyang'ana bwanji?"

Analankhula mopanda mkwiyo, ngati akunena za mtengo wa bulashi. A Nyundo akanakonda atawatukwana. Manyazi amene anawagwira pamenepo anaposa mantha, ndipo aka kanali koyamba m'moyo wawo kuti chinthu china chipose manthawo. Munthu uyu anali ndi umboni wonse womupulumutsa, wolembedwa ndi dzanja lake, ndipo anakhala chete mu ofesi muja, iwo ali pambali pake kupempha madzi akumwa. Tsopano anali atanyowetsa kale kansanza.

A Nyundo anachotsa dzanja limodzi pachitsulo cha kabasiketi n'kugwira mkono wa mlamu wawo. Kabasiketi kanagwedezeka, mtsinje unaonekera pansi patali. Sanausiye mkonowo.

"Bweza m'thumba."

"Alamu, ganizani bwino."

"Ndaganiza zaka zinayi. Bweza."

Pamwamba panamveka mawu a injiniya, atasuzumira m'mphepete. "Kuli bwanji kumeneko? Mwaona chiyani?"

A Nyundo anakweza mutu. Mawu oyamba anatuluka opyapyala, moti anayambiranso.

"Pali madeti, mayi. Pa 9 Meyi, zaka zinayi zapitazo. Pa 14 Meyi, chaka chotsatira. Pa 2 Juni. Pa 20 Meyi, chaka chatha."

"Madeti a chiyani?"

"A masiku amene mlamu wangayu anandiuza kuti zitsulo zadyeka, ine n'kulemba kuti pali bwino. Ndinalemba choncho chifukwa ndinkaopa kutsika nanu. Kuno ndafika lero koyamba. Milatho yonse imene ndinasainira, kunsi kwake sindikudziwako."

Mlamuyo anatseka kabotolo pang'onopang'ono, akuyang'ana kumbali. Kenako a injiniya analankhulanso, mawu awo osakwera, osatsika.

"Sindinamve bwino chifukwa cha magalimoto, ndipo ndikufuna kulemba. Bwerezani zonse, mokweza."

A Nyundo anabwereza.