Dothi la ku Clondalkin

Gervazio ankamata dothi pakhoma la nyumba ina yakale ku Clondalkin, ku Ulaya, pamene mwini wake, Mayi Jennifer, analowa ndi tiyi.

"Mwana wanga ali ndi mphumu," anatero mayiwo. "Simenti imatsekera chinyezi m'nyumba, koma dothili limachimwa kukanyowa n'kuchibweza kukauma. Kwanu mumalidziwa?"

"Pang'ono," anayankha Gervazio akuyang'ana pansi.

Pang'ono chiyani, munthu wokulira m'nyumba ya dothi ku Thyolo, imene mayi ake ankaizira ndi manja awo! Atapeza ntchito kuno anawamangira ya simenti yofolera malata, ndipo sabata yatha analamula mng'ono wake Fiskani kuti agwetse kanyumba kakaleko. Achibale a Tisungane, mkazi amene ankafuna kumukwatira, anali pafupi kukaona pakhomo. Akapeze kachisakasa pakhomo pa munthu wa ku Ulaya?

Masana foni inalira. Anali mayi ake pa vidiyo, ndipo anayankha asanasambe m'manja.

"Kodi ukuzira, mwanawe? Ulendo wonse uja wa pandege?" Anaseka, koma kusekako kunathera m'chifuwa chokoka.

"Amayi, chifuwachi chayamba liti?"

"N'chiperoni ichi. Nyumba yako ija njokongola, aliyense amaima kuiyang'ana. Kungoti makoma amachita thukuta, zofunda n'kumanunkha nkhungu. Ine ndinkagona m'kanyumba kaja. Sindinafune kukuuza, unavutika nayo kwambiri."

"Munkagona? Nanga pano?"

Fiskani analanda foni, nkhope ili mwee. "Achimwene, ntchito ija tinamaliza dzulo, onani."

Anatembenuza kamera. Panali mulu wa dothi lofiira, nkhuku zikupalasa pamwamba pake. Chapatali nyumba yatsopano inkawala ndi penti, chikomekome cha nkhuyu. Gervazio anagwidwa ndi manyazi moti analephera ngakhale kutsanzika.

Mayi Jennifer anabweranso kudzatenga kapu. Anasisita khomalo ndi chikhato n'kumwetulira.

"Mwana wanga azigona chipinda chino. Amene anakuphunzitsani ntchitoyi ayenera kuti amakunyadirani."

Gervazio anatola tirawo yake yomatira n'kuyamba kusalaza pamene panali posalala kale.