Nsapato Zopemphera Kawiri

“Tsitsani thumbalo, alamu.”

Alamuwo sanatsitse. Anali ataponyamo kale mapeya anayi a nsapato, dzanja likupita pa shelefu yapamwamba. Panali patangodutsa masiku atatu chiikireni m'manda mng'ono wawo, wosoka nsapato uja anthu ankangomutchula kuti Aleluya, chifukwa msomali uliwonse akaukhoma ankati aleluya, ngakhale nyundo iphonye n'kumenya chala.

“Ndati tsitsani. Kapena makutu munawasiya kumanda?”

“Mlamu, musandilankhule ngati mwana. Shopu ino ikutsekedwa. Pali munthu akufuna kumagulitsiramo mowa, ndipo nsapatozi wina wa kumsika atenga zonse.”

Mayi wamasiyeyo anaima pakhomo, manja m'chiuno. Khomolo linali laling'ono, koma iwo sanali aang'ono. M'katimo munkanunkhabe guluu ndi polishi, epuloni ya malemu ili pa msomali wake.

“Za m'munsizo zili ndi eni ake, abwera kudzatenga. Zapamwambazo musakhudze n'komwe. N'za Mulungu.”

Alamu anaseka. “Mulungu amavala saizi yanji?”

“Iliyonse. Mawa mukaime pakhomo la tchalitchi muziyang'ana pansi, mukaona.”

Nsapato zapamwambazo zinali zotola kudzala, zimene Aleluya ankasoka n'kupukuta mpaka kuwala. Munthu akanena kuti sapita kutchalitchi chifukwa alibe chovala kuphazi, iye sankamulalikira. Ankangomuyang'ana phazi, n'kutsitsa peya. Loweruka kubwereka, Lolemba kubweza. Mkazi wake analongolola nazo zaka makumi awiri, kumuuza kuti aleluya sadyedwa, kuti shelefu imeneyo ikanafolera nyumba. Lero ndi yemweyo anatseka khomo ndi thupi lake.

“Si inu munkati m'bale wanga wapenga nazo zopemphera?” anafunsa alamu.

“Ndinkatero, ndipo ndinkamuuza pamaso. Anali mwamuna wanga. Inu munabwera liti kudzamuuza kanthu? Milungu iwiri m'chipatala, sitinakuoneni. Lero mwatulukira ndi thumba.”

Alamu anakhuthula thumbalo pansi.

“Chabwino. Zinazi tikakambirana pa banja. Koma izi ndatenga.” Anakweza nsapato zakuda, za chikopa chenicheni, zimene malemu ankavala Lamlungu. “N'za m'bale wanga. Magazi amodzi.”

Kunja wina anakhosomola. Anali mlonda wa pa sitolo ya zitsulo, bambo woonda, chipewa chili m'manja, kuphazi patapata womanga ndi waya.

“Pepani mayi, ndangobwera kudzapepesa. Ndikupita.”

“Bodza. Mwabwera kudzaona ngati mawa muimba. Lowani.”

Mlondayo analowa chammbali. Anayang'ana nsapato zili m'manja mwa alamu, kenako anayang'ana pansi.

“Nsapato mwanyamulazo zimapemphera kawiri, alamu,” anatero mayi. “M'bale wanuyo ankalowa nazo mapemphero a m'mawa. Akatuluka ankavula kuseri kwa tchalitchi, bambo awa n'kuvala, n'kulowa nazo achiwiri, poti amakhala atangoweruka kumene. Iye ankabwerera kunyumba ndi patapata mukumuonayu, ali ndi taye pakhosi, akuimba msewu wonse. Ine ndinkayenda patsogolo kuti anthu asati tili limodzi. Ndiye mawa bambowa akaime mu kwaya ndi waya kuphazi chifukwa inu ndinu magazi amodzi?”

“Mayi, zisavute,” anatero mlonda. “Mulungu sayang'ana phazi.”

“Inu khalani chete. Mulungu sayang'ana, koma azimayi a kutsogolo aja amayang'ana.”

Anatambasula dzanja. Sanapemphe, anangolitambasula, n'kulisiya pomwepo. Alamu anayang'ana dzanjalo, anayang'ana khomo. Anaika nsapatozo pa benchi.

“Nkhani ya shopu sinathe.”

“Kwa ine yatha. Lolemba nditsegula.”

“Mumadziwa kusoka inu?”

“Ndiphunzira. Kumenya ndi nyundo ndiye ndimadziwa kale.”

Anasuntha pang'ono, alamuwo anadutsa atapinda thumba lawo m'khwapa.

Mlonda anakhala pa benchi n'kulowetsa phazi. Nsapato inali yaikulu, chidendene chinkangotuluka.

“Nanga munkayenda nazo bwanji?”

“Ankandiikira timapepala kutsogoloku, mayi.”

Mayi anayang'ana uku ndi uku kufuna nyuzipepala, sanaione. Anapisa m'thumba la epuloni ija. Munali timipira tiwiri ta pepala, topindidwa bwinobwino, tofanana ndi kutsogolo kwa nsapato. Anatigwira kanthawi m'manja. Kenako anagwada pa simenti, pamalo posalala pomwe mwamuna wawo ankagwada, n'kuti, “Bweretsani phazilo.”