Maluwa a kuseri kwa khoma

Khoma la chipinda cha alendo linali litapakidwa penti kangapo konse, koma pentiyo ankangotupa cham'munsi n'kusupuka, chipinda chonse n'kumanunkha chuku. Tsopano mayi awo a bambo a panyumbapo anali kubwera kudzakhala nawo, ndipo chifuwa chawo sichinkagwirizana ndi chinyezi.

Bambowo anagula chitini china cha penti. Akazi awo anaitana mlongo wawo, mmisiri womanga nyumba.

"Alamu, khomali mukulidzoza ngati mkwatibwi," anatero mmisiriyo uku akukanda ndi chala. Pulasitala anayoyoka ngati ufa. "Denga mwalionapo?"

"Ndinakwera, silidontha."

"Likanadontha kukananyowa kumwamba. Apa kwanyowa kuyambira pansi kulekeza m'mawondo. Madziwa akukwera kuchokera m'dothi."

"Auzeni achimwene, ine ndatopa nawo," anatero mayi a panyumbapo. "Akangoona chinyezi amathamangira burashi."

Onse anatuluka panja. Kuseri kwa khoma lomwelo kunali maluwa okongola, dothi lake litaunjikidwa mpaka kukwirira njerwa za m'munsi. Dothilo linali chinyowere.

"Achemwali, amathirira pano ndani?"

Mayiwo anayang'ana kumbali. Amuna awo anatsokomola pang'ono.

"Auzeni alamu, ine ndatopa nawo," anatero mwaulemu wonse.

Tsiku lomwelo anazula maluwawo, anachotsa dothi mpaka maziko anaonekera, anakumba kangalande kotaya madzi a mvula, ndipo mkati anagumula pulasitala yense wofumbwa.

"Pulasitala ndi penti zidikire khomali liume," anatero mmisiri pochoka. "Chitinicho muwabisire, achemwali. Alamu, inunso mubise ndowa yothirira."

Koma khoma lakale siliuma msanga. Mayi awo a bambo aja atafika, njerwa zinali zidakali pamtunda. Eni nyumba anawapatsa chipinda chawo chogona, iwo n'kusamukira m'chipinda chogumulacho, mawindo ali chitsegulire. Mayiwo anagona bwino osatsokomola.

M'mawa anazungulira nyumba ali ndi kajumbo m'manja, n'kuima pomwe panali maluwa paja.

"Mpongozi wanga, pano pangokhala poyera bwanji? Mwayi wake ndakubweretserani mbewu za maluwa. Tibzale m'mbali mwa khomamu."

Mpongoziyo analandira ndi manja awiri n'kuthokoza. Amuna awo anasuzumira pawindo, m'mutu muli fumbi la pulasitala.

"Mayi, kumpanda uko ndiye kumawomba dzuwa bwino," anatero. "Madzi ndizinyamula ndine."